Ndiyambe Kukumana ndi Chilembwe Uti?

Pampando umene uli pafupi ndi bedi langa pali mabuku asanu, ndipo onsewo akukhudza munthu mmodzi. Sindinachite kukonza kuti zikhale choncho. Limodzi ndinagula kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe, chikuto chake chitamatidwa ndi selotepi. Lina ndi fotokope imene mnzanga wa chaka chachinayi anandisiyira pomaliza maphunziro ake. Lina anandipatsa ndi malume. Awiri otsalawo ndi obwereka, ndipo mwini wake wa lalikulu kwambiri wandiuza mosapita m'mbali kuti pakatha masabata atatu alifuna. Tchuthi n'chachifupi, kumudzi kuli kupalira ndi kuthira feteleza, ndipo usiku kuwerenga kumadalira batire ya foni. Onse asanu sindingawathe. Ndiyenera kusankha.

Wina anganene kuti funso loti ndiyambe buku liti ndi la munthu wosowa chochita. Ine ndikuona kuti pa nkhani za mbiri yakale funsoli n'lolemera. Amene anakhalapo pabwalo la mfumu akudziwa kuti woyamba kulankhula ndiye amayala mlandu. Obwera pambuyo pake, ngakhale atakhala ndi chilungamo chotani, amangopezeka akuyankha zimene iye wanena. Buku loyamba nalonso limatero. Limakupatsa munthu, nkhope yake ndi zifukwa zake, ndipo mabuku otsatirawo umawawerenga ukuwayeza ndi loyambalo osazindikira. Munthu amene ali pampando wangayu ndi M'busa John Chilembwe, ndipo nditawerenga mawu oyamba a buku lililonse, n'kuwonjezera zimene tinamva m'kalasi, ndaona kuti mabuku asanuwa sakunena za Chilembwe mmodzi.

Pa zochitika zenizeni sasiyana kwambiri. Chilembwe anakumana ndi mmishonale Joseph Booth mu 1892, anapita naye ku America mu 1897, anaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerako mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a dziko lino akufera nkhondo ya Azungu imene siikuwakhudza, ndipo boma linaletsa kuti kalatayo ifalikire. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Anapha woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, n'kumudula mutu, anaphanso Azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson. Akazi ndi ana a Azungu anawatenga koma sanawapweteke. Gulu lina linapita kusitolo ya Mandala ku Blantyre kukalanda mfuti, koma linabwerako ndi zochepa chabe. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa kufupi ndi malire a Mozambique, cha ku Mulanje. Anthu oposa 30 anaweruzidwa n'kuphedwa, pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende, ndipo tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Mbombwe chinagumulidwa. Kuukira konseko sikunakwane masabata awiri.

Pamene amasiyana ndi pa funso loti: n'chifukwa chiyani?

Aliyense amene ndamufunsa wandiuza kuti ndiyambe ndi lobwereka lalikululo, Independent African, limene analemba George Shepperson ndi Thomas Price. Mnzanga wina amalitcha baibulo la nkhani ya Chilembwe, ndipo kukula kwake kukumuvomereza: masamba oposa 500. Ntchito imene anthu awiriwa anagwira siyopeputsa. Mafayilo ambiri a boma anapsa pamene ofesi yaikulu ya atsamunda ku Zomba inagwira moto mu 1919, choncho iwo anachita kutolera nyenyeswa: makalata, nyuzipepala za mipingo ya anthu akuda a ku America imene inkathandiza Chilembwe, zokumbukira za okalamba. Shepperson sanali mlendo kwenikweni kwa anthu a kuno. Pa nkhondo yachiwiri anali ofesala wa King's African Rifles, anamenya nkhondo ku Burma limodzi ndi asilikali a ku Nyasaland, ndipo anaphunzira Chinyanja. Price anali katswiri wa chilankhulochi. Palibe angawanene kuti analemba mwachibwana.

Chimene chikundiimitsa ndi chaka chimene bukuli linatuluka: 1958. Ndi chaka chomwecho chimene Dr. Banda anatsika ndege ku Chileka pa 6 Julayi, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chili pamoto, miyezi yochepa kusanafike kumangidwa ndi kuphedwa kwa anthu kwa pa 3 Malichi 1959. Buku lotuluka nthawi yotere silikanawerengedwa mwanjira ina koma ngati nkhani ya kholo la ufulu wodzilamulira. Kaya olembawo ankafuna zimenezo ndi mtima wonse kaya ayi, Chilembwe amene anatuluka m'masamba awo n'kulowa m'mabuku a sukulu ndi yemweyo amene ali pa K500 ndi pa K2000, yemwe timamupumira pa 15 Januwale. Ameneyu ndikumudziwa kale. Ndakhala naye kuyambira kupulayimale. Ndikayamba ndi Shepperson, ndikuopa kuti ndikhala masabata atatu ndikutsimikizira zimene ndinaloweza ndili mwana, kusiyana kwake kungokhala kwakuti tsopano ndili ndi maumboni ambiri.

Fotokope ija ndiyo imandikoka mtima. Ndi Strike a Blow and Die, zolemba za George Simeon Mwase, ndipo mbiri ya bukuli payokha ndi nkhani. Mwase anali Mtonga wophunzira kusukulu za mishoni, anagwirapo ukalaliki m'boma, ndipo anali mmodzi mwa otsogolera mabungwe a eni dziko m'chigawo chapakati. Mu 1931 anamangidwa pa mlandu wa ndalama za boma n'kutsekeredwa ku Zomba. M'ndendemo anapezamo Wallace Kampingo, mmodzi wa anthu a Chilembwe, amene anali akugwirabe ukaidi chifukwa cha zochitika za 1915. Tangoganizani anthu awiriwo: wina walowa dzulo, wina wathamo zaka 16, ndipo watsopanoyo akufunsa wakaleyo kuti anene zimene zinakambidwa ku Mbombwe usiku womaliza. Mwase analemba zimene anamva, m'Chingelezi chakechake, ndipo mapepalawo anagona m'mafayilo a boma zaka zoposa 30 mpaka Robert Rotberg anawakonza n'kuwasindikiza mu 1967. Izi zikutanthauza kuti Shepperson ndi Price polemba baibulo lawo lija sanawaone.

Chilembwe wa Mwase ndi wina. Sakuyembekeza kugonjetsa Angerezi kapena kukhala wolamulira. Akudziwa kuti iye ndi anthu ake afa, ndipo akufuna kuti imfa yawoyo ikhale uthenga kwa atsamunda wakuti nkhanza zafika posapiririka. Mwase akumufanizira ndi John Brown, Mzungu wa ku America amene mu 1859 anaukira nkhokwe ya zida ku Harpers Ferry pofuna kumasula akapolo, n'kunyongedwa chaka chomwecho. Kufanana kwake n'kochititsa nthumanzi ukakumbukira kuti Harpers Ferry panthawiyo inali mu Virginia, chigawo chimene Chilembwe anakaphunzira, ndiponso kuti anthu ake nawo anathamangira kunkhokwe ya mfuti ku Mandala.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawu amene Mwase akuwaika m'kamwa mwa Chilembwe adutsa m'manja angati asanandifike? Anawamva Kampingo mu 1915, n'kuwasunga m'mutu zaka zonse za ukaidi. Anawauza Mwase, amene anawatembenuzira m'Chingelezi. Mwaseyo anali mkaidi, ndipo ankadziwa bwino kuti woyamba kuwerenga zolemba zake adzakhala Mzungu wa boma, choncho sizodabwitsa kuti m'malo ena amayamikira ulamuliro wa Angerezi. Pomaliza Rotberg anakonza zolembazo n'kuzipatsa mutu umene Mwase sanaupereke. Sindikunena kuti Mwase ananama. Ndikunena kuti bukuli n'lokoma kwambiri moti ndikaliyamba lidzandigwira, ndipo mboni zina zonse ndidzazimvera ndili kale kumbali yake. Ndimadzidziwa ndekha. Nkhani ya munthu wopita kukafa akudziwa imandigonjetsa msanga.

Ndiye ndinaganiza kuti mwina nzeru n'kutsata zaka: kuyamba ndi mawu amene analankhulidwa pafupi kwambiri ndi zochitikazo. Pamenepa pakubwera buku lobwereka lachiwiri, Voices from the Chilembwe Rising, limene John McCracken anatulutsa mu 2015, patatha zaka 100. Mulibe nthano yoyalidwa bwino. Muli maumboni amene anaperekedwa mu 1915 pamaso pa komiti imene boma linakhazikitsa kuti ifufuze chimene chinayambitsa kuukirako. Muli eni maesiteti akuloza chala sukulu za mishoni kuti ndizo zinadzaza anthu akuda mtima wodzikuza. Anali ndi poyambira, chifukwa John Gray Kufa, mmodzi wa akuluakulu a kuukirako amene anaphedwa ndi boma, anaphunzira ku Blantyre Mission ndipo anali munthu wodalirika kumeneko. Muli Alexander Hetherwick, mkulu wa mishoniyo, akuteteza maphunziro n'kubweza chalacho kwa Azungu anzake. Muli aphunzitsi, abusa ndi mafumu a dziko lino akufotokoza za zikwapu, za malipiro, za msonkho.

Ndipo muli nkhani ya chipewa. Poyamba ndinaseka, kenako ndinasiya kuseka. Munthu wakuda akakumana ndi Mzungu pamsewu ankayenera kuvula chipewa, ndipo wosavula ankatha kumenyedwa kapena kutukwanidwa, pamene Mzunguyo sankavutika n'komwe kuyankha ulemuwo. Komiti yofufuza imfa za anthu inathera nthawi pa chipewa, chifukwa mboni zinkabwerera kunkhani yomweyo. Kwa munthu amene waphunzira, wagula suti ndi thukuta lake, ali ndi munda wake wa thonje kapena sitolo yake, chipewacho chinali chikumbutso cha tsiku ndi tsiku chakuti zonsezo sizimukweza ngakhale pang'ono pamaso pa kapitawo wachizungu. Samson Kambalu anaigwira bwino nkhaniyi. Chiboliboli chake chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu Seputembala 2022, anachitengera pa chithunzi cha 1914 pamene Chilembwe waima ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu.

Komabe kukhala pafupi ndi zochitika sikutanthauza kukhala pafupi ndi choonadi. Komitiyo inali ya Azungu okhaokha, wapampando wake anali woweruza milandu, ndipo inakhala pansi patangopita miyezi yochepa anthu atanyongedwa ndi kuwomberedwa. Mphunzitsi wa ku Chiradzulu woitanidwa kukalankhula pamenepo ankadziwa chimene chinagwera anzake. Ankayeza liwu lililonse. Amene akanafotokoza bwino zolinga za Chilembwe anali m'manda kapena m'ndende. Buku lotere limafuna wowerenga wodziwa kale malowo ndi anthuwo, woti akamva mboni ikuzungulira adziwe chimene ikuchizungulira. Ine sindinafike pamenepo.

La malume ndi Let Us Die for Africa la D. D. Phiri, la mu 1999. Malume amalikonda chifukwa analemba ndi Mmalawi, ndipo ankakonda nkhani za a Phiri m'nyuzipepala. Ndidzaliwerenga, pena chifukwa adzandifunsa. Koma linatuluka m'zaka zimene boma la Bakili Muluzi linali litangoika Chilembwe pa ndalama ndi pa kalendala, ndipo ndikuliona ngati m'bale wake wa Shepperson wolankhula ndi mawu a kwathu. Likhoza kudikira.

Pali a Chilembwe ena awiri amene sali pampando wanga koma amandisuzumira. Mu 1971 Jane ndi Ian Linden analemba kuti kuukirako kuyenera kumvedwa ngati nkhani ya chikhulupiriro, ya anthu oyembekeza kutha kwa dziko ndi kubwera kwa Yerusalemu Watsopano. Si maganizo opanda maziko: Elliot Kamwana anali atabatiza anthu zikwizikwi ku Nkhata Bay mu 1908 ndi 1909 akulalikira chiphunzitso cha Watch Tower chakuti 1914 ndicho chaka cha chimaliziro, ndipo nkhondo itabuka chaka chomwecho ambiri anaona ngati ulosi wakwanira. Rotberg naye analozapo za munthu wodwala mphumu, maso akufooka, ngongole zitamuzinga. Wolimbana ndi atsamunda, wodzipereka nsembe, mneneri wa masiku otsiriza, munthu wotopa ndi moyo. M'kalasi tinakangana pa zimenezi mpaka nthawi inatha, ndipo ndinaona kuti aliyense ankateteza Chilembwe wa m'buku limene anayamba kuwerenga.

Ndisadandaule mopitirira. Makolo athu vuto ili analibe, chifukwa panali owasankhira. Kuyambira 1968 lamulo linapatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa mabuku, ndipo kupezeka ndi buku lolakwika kunkatha kukutayitsa sukulu kapena ufulu. Ndakatulo za Jack Mapanje zinachotsedwa m'masukulu ndi m'malaibulale, mwini wake n'kukhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Mulu wa mabuku asanu otsutsana pampando wa wophunzira ndi chinthu chatsopano m'dziko muno.

Latsala ndi lachikuto chomata lija, limene ndinalipeputsa chifukwa cha mtengo wake ndi maonekedwe ake: Magomero, la Landeg White, la mu 1987. White anaphunzitsapo ku Chancellor College mpaka boma linamuthamangitsa mu 1972. Buku lake si la Chilembwe. Ndi la malo. Limayamba zaka zambiri Chilembwe asanabadwe, pamene David Livingstone anadutsa kumeneko ndi pamene Bishopu Charles Mackenzie anamanga mishoni pa Magomero mu 1861 ndi anthu olanditsidwa kwa ogula akapolo, mishoni imene sinakhalitse, bishopuyo n'kumwalira kumayambiriro kwa 1862. Limadutsa pa kugwa kwa malowo m'manja mwa banja la Bruce, akamwini a Livingstone, maekala oposa 160,000. Limafika pa 1915, koma silithera pomwepo. Limapitirira ndi anthu a m'midzimo mpaka zaka za m'ma 1980.

Chimene chinandigwira nditatsegula pakati ndi Alomwe. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anthu ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Pofika kuno analibe malo awoawo, choncho eni maesiteti anawalandira ndi manja awiri: khalani, mangani, limani, koma mudzagwira thangata. Papepala unali mwezi umodzi wolipirira malo ndi wina wolipirira msonkho wa nyumba. Pa esiteti ya Bruce miyezi imeneyo inkatalika monga mwa kufuna kwa woyang'anira, ndipo inkagwa nthawi ya dzinja pamene munthu amafunika m'munda mwake. Matchalitchi a udzu amene anthu a Chilembwe ankamanga pa esitetiyo ankatenthedwa. Livingstone amene anthu ankamutcha Listonia sanali nkhani ya m'nyuzipepala kwa iwo, anali munthu amene ankamuona m'mawa uliwonse. Taonaninso zimene zinachitikira liwu lenilenilo. Kuthangata ndi kuthandiza. Thangata linali ntchito yothandizana pakati pa anansi, lero kwa uyu mawa kwa uyo. Atsamunda anatenga liwu la chifundo n'kulipachika pa ntchito yokakamiza, ndipo linakhala choncho mpaka 1962 pamene lamulo linathetsa mchitidwewo.

Agogo anga aakazi ndi Alomwe a ku Chiradzulu. Ukawatuma ntchito yopanda malipiro amafunsa kuti, "Kodi labweranso thangata?" Agogo awo anachokera kuseri kwa phiri la Mulanje atasenza mitolo. Ndili mwana ndinawafunsapo za Chilembwe nditabwera ndi nkhani yake kusukulu, ndipo anangoti akuluakulu ankanena kuti munthuyo sanafe, anathawa. Ndinawaseka, poti buku la sukulu linali ndi tsiku la imfa yake. Pano ndikudziwa kuti boma linakwirira mtembo wake mwakabisira, m'manda opanda chizindikiro, ndipo mphekesera imene agogo anailandira kwa makolo awo inamera pa chinsinsi chimenecho. Iwo sankadziwa za Lynchburg kapena John Brown. Ankadziwa za thonje la mwini esiteti ndi za munda wawo umene unkamera tchire iwo ali ku thangata. M'mabuku anayi aja anthu ngati makolo a agogo amaonekamo ngati khamu: "anthu ake a Chilembwe", "ogwira ntchito pa esiteti". Ndikufuna ndiyambe ndawaona nkhope, kuti pamene m'busa wovala suti ndi chipewa adzalowe m'nkhaniyi, ndidzamuone monga anamuonera iwo, munthu wobwera pakati pa mavuto amene analipo iye asanabwere ndipo anatsala iye atapita.

White naye ndi Mzungu, ndipo naye ali ndi mbali yake. Anafunsa okalamba a m'midzi m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sankalankhula momasuka ndi mlendo wonyamula kope. Sindikumuika pamwamba pa enawo. Ndangoona kuti mwa asanuwa ndi iye yekha amene sakundikakamiza kugamula msanga kuti Chilembwe anali ndani, chifukwa funso lake ndi lina.

Choncho ndayamba Magomero usiku wathawu, ndipo ndili m'zaka za Mackenzie, Chilembwe sanabadwe. Ndikamaliza ndidzatenga maumboni a McCracken, kenako Mwase. Shepperson ndi Price ndikuwabweza Lolemba osawawerenga, ndipo ndikudziwa kale nkhope imene mwini wake adzandionetse, poti anachita kundinyamulira bukulo kuchokera ku Zomba pa minibasi. Ndidzamupempha kuti adzandibwerekenso m'mwezi wa Epulo. Loweruka ndikupita kwa agogo kukathandiza kupalira, ndipo ndikufuna ndikawafunse dzina la mudzi umene makolo awo anafikira atangowoloka malire.